Mutu 4: Pensulo ya M'mphepete mwa Buku

1. Malo amodzi okha

Ku kalabu ya makompyuta kunali mtsikana wina amene ankamutchula kuti Kachala, chifukwa ankalemba ndi chala chimodzi. Anzake akamathamangitsa zala zonse khumi pa kiyibodi, iye ankajompha chilembo chimodzichimodzi ngati nkhuku. Dzinalo silinkamusangalatsa, koma dzina lachipongwe likafuna kukumata silipempha chilolezo.

Anamupatsa dzinalo ndi mtsikana wa m'kalasi mwake amene onse ankamutcha Dona. Dona anali ndi laputopu yakeyake. Anali wanzeru, apo tisamunamizire, koma lilime lake linali lumo.

Lolemba masana aphunzitsi a kalabu analowa ndi kalata m'manja.

"Tamverani nonse. Ku koleji ya mumzinda kuli maphunziro a pa tchuthi ophunzitsa kupanga magemu a pa kompyuta. Atipatsa malo amodzi okha. Lachisanu la sabata yamawa aliyense adzandionetse kagemu kake. Sindikufuna zodabwitsa ayi. Ndikufuna mpira woyenda pa sikirini, ukagunda khoma uzibwerera, ndi kathabwa pansi kouwakha. Amene mpira wake udzamumvere ndi amene apite. Pezani mabuku, muwerenge."

Kachala anawafuna malowo ndi mtima wake wonse. Anali asanafunepo chinthu chotero chibadwire.

Dona anatembenuka n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Nawenso ukufuna kuyesa? Chala chimodzi sichiswa nsabwe, mnzanga. Nanga gemu?"

Chipinda chonse chinafa nacho chiseko.

2. Buku la malume

Kunyumba kwa Kachala kunkakhala malume ake, mlongo wa mayi ake. Kale ankakonza makompyuta m'sitolo ina ndipo ankalemba okha mapulogalamu. Kenako anadwala sitiroko. Dzanja lamanja linafa, pakamwa panapotoka pang'ono, ntchito inathera pomwepo. Tsopano ankakhala pa mpando wa pakhonde, dzanja lakufalo atalitsamiritsa pa ntchafu. Mawu ankatuluka mochedwa, koma mutu unali wakuthwa ngati kale.

Kachala atawafotokozera za mpikisano ndi za nsabwe za Dona, malume anamutuma kuti akakoke katoni pansi pa bedi lawo. Munali buku lonenepa, chikuto chake chotuwa, msana wake womatidwa ndi tepi. Kunja kunalibe chithunzi ngakhale chimodzi.

"Ili?" anafunsa Kachala atakwinya nkhope.

"Lomwelo. Khala pansi ndikuuze, chifukwa ana a masiku ano mumasankha buku ngati mukusankha malaya.

"Buku la ntchito imeneyi uzilifunsa mafunso atatu. Loyamba: kodi likundipatsa ntchito yoti ndichite, kapena likungondionetsa ntchito ya anthu ena? Buku labwino kumapeto kwa mutu uliwonse limakutuma. Limati yesa ichi, sintha icho. Buku losakutuma ndi lokongoletsera shelefu.

"Lachiwiri: kodi zimene likunenazo zingatheke pa kompyuta imene ndili nayo? Usatengeke ndi buku lofuna makina amene sudzawaona. Kusukulu kwanu kuli makompyuta okalamba ngati ine. Sankha buku lodziwa kulankhula ndi okalamba.

"Lachitatu: kodi likuyambira pansi? Musanajambule zilombo zouluka, muyambe mwadziwa kuuza kadontho kamodzi kuti pita uko, bwerera kuno. Zithunzi za m'gemu ndi masamu ovala zovala. Mpira ukagunda khoma subwerera chifukwa chamanyazi, umabwerera chifukwa wina anasintha chizindikiro cha nambala. Ukathawa masamu, gemu nayo ikuthawa."

Anapumira kaye. Kulankhula kunkawatopetsa.

"Tatsegula."

Kachala anatsegula. M'mphepete mwa tsamba lililonse munali zolemba za pensulo, timalemba ting'onoting'ono tothithikana. Pena mzere wosindikizidwa unali wokhwatchidwa, pambali pake palembedwa wina. Pena panali mivi, pena timabokosi.

"Tsopano mvetsa ichi, mwanawe, ndipo usadzati sindinakuuze. Buku ili ndi labwino koma ndi lakale, ndipo osindikiza analakwitsa malo ambiri. Ukakopera zosindikizidwa zokhazo, kompyuta ikukanira. Chilankhulo chake cholembera mapulogalamu chinasinthanso m'zaka zapitazi. Ine ndinakhala zaka zisanu ndi chimodzi ndikuyesa mzere uliwonse. Paliponse pamene linanama ndinakonza. Paliponse pamene linakalamba ndinalemba njira yatsopano. Inki ndi ya mwini buku, pensulo ndi yanga. Zikatsutsana, umvere pensulo. Dzanja limene linalemba zimenezi ndi ili lagona apali. Silidzalembanso. Ndiye usalinyowetse, usalibwereketse, ndipo pensuloyo usaikhudze."

"Ndamva, malume."

"Lisiye kaye. Ndikupatsa mawa."

Mawa lake Kachala pochokera kusukulu anapeza malume ali thukuta kamukamu, pensulo ili m'dzanja lamanzere. Mayi ake anamunong'oneza kuti akhala akulimbana ndi tsamba loyamba kuyambira m'mawa. Kachala anasuzumira. Panali mizere yokhotakhota, zilembo zogwerana ngati zoledzera. Anaona kuti kuwerenga zimenezo n'kudzivutitsa. Anati zikomo n'kuponya bukulo m'chikwama.

3. Chiseko

Lachitatu ku kalabu aliyense anatulutsa chimene anapeza. Ena anali ndi mapepala ochita kufotokopa. Dona anali ndi mabuku awiri onyezimira. Kachala anatulutsa lake pang'onopang'ono, ataliphimba ndi mkono.

Dona analitsomphola.

"Taonani kuno! Kachala wafukula manda!"

Analikweza m'mwamba kuti onse aone tepi ya pamsana. Kenako anayamba kutsegula masamba. Apa panachitika chinthu chimene Kachala sanachione chifukwa maso ake anali pansi. Dona atafika pakati pa buku anasiya kuseka. Maso ake anayenda m'mphepete mwa tsamba, anatsika, anabwereranso pamwamba. Anatsegula tsamba lina, n'kuwerenganso. Kenako anatseka msanga, chiseko n'kubwerera pankhope.

"Walemba ndani uve wonsewu?"

"Malume anga."

"Aja okhala pakhonde, opotoka pakamwa aja?" Dona anapotoza mlomo wake, analendewetsa dzanja lamanja, n'kuyamba kulankhula mokoka mawu. "Ka-cha-la, te-nga bu-ku."

Ena anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ena anayang'ana kumbali, koma palibe anatsegula pakamwa kumuletsa. Kachala anatenga buku lake n'kulibwezera m'chikwama. Chomvetsa chisoni n'chakuti sanakwiyire Dona. Anakwiyira malume ake, ndi buku lawo, ndi tepi yawo.

Potuluka Dona anamugwira paphewa ngati mnzake wapamtima.

"Usadandaule, ndimangocheza. Ndikuthandize nzeru. Bambo aja ogulitsa mabuku akale pakhonde la sitolo ya nsapato amasinthitsa. Uwapatse chinkhalambachi, akupatse buku looneka ngati buku. Pali lina lili ndi chinjoka chamapiko pachikuto. Limenelo ndiye la magemu enieni."

Kachala anathokoza. Inde, anathokoza.

4. Labala

Loweruka m'mawa anapita kwa bambo wa mabuku. Mabuku anali atayalidwa pa pulasitiki, miyala itatsamira pamwamba kuti mphepo isatsegule. Buku la chinjoka linali pakati penipeni. Chinjokacho chinali chobiriwira, chikulavula moto, mamba ake akuwala ngati enieni. Kachala anatsegula. Tsamba lililonse linali ndi chithunzi: magalimoto, asilikali, nkhalango, mizinda yoyandama m'mitambo. Mafunso atatu a malume aja sanawakumbukire ngakhale limodzi.

"Ndikufuna kusinthitsa ndi ili," anatero.

Bambo wa mabuku analandira buku la malume, analiyeza kulemera m'manja, natsegula.

"Iii, mwana iwe. Buku lolembalemba chonchi ine sinditenga. Ogula amafuna loyera." Anayang'anitsitsa m'mphepete. "Komatu dzanja ili si la mwana wasukulu. Uyu ndi munthu woidziwa ntchito yake. Mwini wake akudziwa kuti wabwera nalo kuno?"

"Anandipatsa. Ndi langa."

"Kupatsidwa ndi kwina, kutaya ndi kwina. Ine ndakhala pa khonde lino zaka zambiri. Ndaona ana akusiya buku lowathandiza n'kutenga lowasangalatsa, mawa lake n'kubwera akulira. Ine sindibweza. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Koma poti maso ndi ako, ukafufute zonsezi ubwere nalo loyera, ndikupatsa chinjoka chakocho."

Kachala anali ndi labala m'chikwama. Anakhala pa sitepe kuseri kwa sitolo ya nsapato, buku pamiyendo, n'kuyamba.

Tsamba loyamba lija, la zilembo zoledzera, ndi limene linayamba kupita. Silinavute. Kenako anapitirira tsamba ndi tsamba. Mivi inapita. Timabokosi tinapita. Mizere yokonzedwa inapita, yolakwika ija n'kutsala ili mbee ngati yolondola. Nyenyeswa za labala zinadzaza siketi yake, iye ankangozikutumula. Labala itatha anakabwereka ina kwa mayi wosoka zovala pafupi pomwepo.

Dzuwa lisanapendeke anali atamaliza. Ntchito ya zaka zisanu ndi chimodzi inamutengera maola anayi.

Bambo wa mabuku anatsegula, anagwedeza mutu, namupatsa chinjoka. Kachala anabwerera kunyumba akudumphadumpha. Podutsa pakhonde anabisa bukulo kumbuyo.

"Wafika pati, mwanawe?" anafunsa malume.

"Mutu wachitatu, malume."

"Wachita bwino. Pamenepo pali bodza lalikulu la osindikiza. Uone pensulo."

5. Nyerere

Lolemba pa nthawi yopuma anapempha kiyi wa chipinda cha makompyuta. Anatsegula buku la chinjoka pa mutu woyamba. Bukulo linati atsegule pulogalamu inayake yojambulira. Anaisaka pa kompyuta, sanaipeze. Anafunsa aphunzitsi.

Aphunzitsi anatembenuza bukulo, anawerenga kumbuyo, naseka pang'ono.

"Pulogalamu imeneyi makompyuta athuwa sangainyamule. Ungowayatsa moto. Ndiponso ili si buku lophunzitsa kulemba gemu. Ndi la akatswiri ojambula, kuonetsa zimene anapanga. Mulibe ngakhale mzere umodzi woti ulembe. Lija unabwera nalo Lachitatu lili kuti? Ndinaliona patali, lija ndiye buku."

Kachala analandira bukulo. Anatsegulanso masamba onse kufunafuna mpira ndi khoma. Munali zinjoka zokhazokha.

Anayesa kulemba za m'mutu mwake, ndi chala chake chimodzi chija. Mpira unaoneka pa sikirini. Unayenda bwinobwino kupita kumanja, unafika pa khoma, unalibowola n'kupita osabwereranso. Anayesa kasanu. Kasanu konse mpira unatuluka ngati mwana wothawa kwawo.

Madzulo a tsikulo anaima pamaso pa malume, manja kumbuyo. Ananena theka la choonadi, poti theka ndi limene linkatheka kutuluka.

"Malume, ndinafufuta pensulo ija."

"Tsamba liti?"

"Onse."

Malume sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa. Anangoyang'ana dzanja lawo lakufa lija nthawi yaitali. Mayi ake a Kachala, amene ankachapa pafupi, anasiya kuchapa.

"Chifukwa chiyani?"

"Anzanga ankandiseka."

"Ankaseka iwe kapena ine?"

Kachala anayang'ana pansi.

"Ndamva," anatero malume. "Mwanawe, kusekedwa sikupha munthu. Ine amandiseka tsiku lililonse ana odutsa pamsewupa, ndipo ndikadali pano. Chimene chimapha ndi kutaya chako chifukwa wina wachiseka. Woseka uja mawa aiwala, iwe n'kutsala manja lende. Ndiponso uzichenjera. Si onse oseka chinthu amene amachinyoza. Ena amaseka kuti uchigwetse, iwo atole."

Anapuma, kenako nkhope yawo inawala pang'ono.

"Koma sizinathe. Ine polemba ndinkadinikiza kwambiri, aphunzitsi anga ankandimenyera zomwezo. Labala imachotsa makala a pensulo, koma siichotsa ngalande imene nsonga inasiya m'pepala. Ukagoneka pensulo cham'mbali n'kupaka mopepuka, zilembo zimatuluka zoyera pakati pa mdima. Tili ndi masiku atatu. Sitingabwezeretse buku lonse, koma mutu wa mpira tingathe. Iwe uzidzapaka, ine ndizidzawerenga. Kalitenge."

"Lili kusukulu," ananama Kachala. "Ndinalisiya m'desiki."

"Ubwere nalo."

6. Wotola

Lachiwiri atangoweruka anathamangira ku sitolo ya nsapato, chinjoka chili m'manja.

"Bambo, chonde, ndibwezereni lija. Tengani lanuli."

"Ndinakuuza kuti sindibweza. Komanso ngakhale ndikanafuna, kulibe. Linapita Loweruka lomwelo, iwe utangokhota apo. Kunabwera mtsikana wa msinkhu ngati wakowo, wa chikwama cha laputopu. Sanayang'ane buku lina lililonse. Anangofunsa kuti, lotuwa la tepi lija labwera? Atatsegula n'kupeza loyera anakwiya koopsa. Anati ndani wachita zopusazi. Koma anaika tsamba padzuwa, analipendeketsa, kenako anamwetulira n'kulitenga."

Kachala anazungulira kuseri kwa sitolo. Anakhala pa sitepe yomwe ija. Nyenyeswa za labala zinali zikadali m'ming'alu ya simenti.

Kunyumba anauza malume kuti kalasi inali yokhoma.

7. Chala chimodzi

Lachitatu analowa m'chipinda cha makompyuta mochedwa. Aphunzitsi anali asanafike. Anthu onse anali ataunjikana pa desiki ya Dona.

Pa sikirini ya laputopu mpira woyera unkayenda. Unagunda khoma, unabwerera. Unagunda denga, unatsika. Kathabwa kanauwakha. Pambali pa laputopu panali buku lotuwa la tepi pamsana, lotsegula. M'mphepete mwa masamba munali mwakuda ndi pensulo yopakidwa, ndipo m'kati mwa mdimawo timalemba ta malume tinkaoneka toyera, tonse, mivi ndi timabokosi tomwe.

"Wabwera mwini wake wakale!" anafuula Dona. "Kachala, malume ako ndi katswiri. Mabuku anga awiri aja ndinalimbana nawo sabata yonse, mpira osabwerera. Apa tsamba limodzi lokha, taona. Ukawathokoze m'malo mwanga."

"Ndibwezere. Ndi la malume anga."

"Linali. Unalitaya wekha, ine ndatola. Ndinakukakamiza? Labala ndinakugwirira ndine?"

Onse ankadziwa kuti Dona ndi njoka, koma ankadziwanso kuti apa sananame.

"Koma pali tsamba limodzi limene sindinalipake," anapitiriza Dona. "Ndimadikira iwe. Loyambali. Ngalande zake n'zakuya ngati analemba ndi msomali."

Anagoneka pensulo cham'mbali n'kuyamba kupaka pang'onopang'ono, onse akuonerera. Zilembo zokhotakhota zija zinayamba kutuluka chimodzichimodzi. Dona anapotoza mlomo, analendewetsa dzanja, nawerenga mokoka mawu.

"Mwa-na wa mlo-ngo wa-nga. A-ma-ti cha-la chi-mo-dzi si-chi-swa nsa-bwe."

Awiri atatu anaseka. Dona anapitiriza, koma mawu otsatirawo anakana kupotozeka, ndipo anawawerenga ndi mawu ake enieni.

"Koma chimalemba. Ine ndatsala ndi dzanja limodzi, losazolowera, ndipo tsamba ili landitengera tsiku lonse. Ngati ine ndatha, iwenso utha. Usachite manyazi ndi chala chako, ndipo usachite manyazi ndi ine."

Mpira wokha ndi umene unkamveka, ukugunda khoma n'kubwerera.

Kachala analira. Sanabise nkhope, analira poyera ngati kamwana. Aka kanali koyamba kumva zimene malume anamulembera, ndipo anazimva kuchokera pakamwa pa Dona.

Dona sanakonde kuti chiseko chamuthawa. Anagwira tsambalo pamwamba n'kuling'amba kuchokera ku msana wa buku, kwee!

"Ili lokha ndiye lako, lili ndi nkhani zakubanja. Enawa ndi anga mpaka Lachisanu. Ndikapita ku koleji udzabwere udzatenge, udzafufutenso bwino."

Analiponya pansi. Kachala anawerama n'kulitola.

8. Pakhonde

Njira ya kunyumba inali yomwe ija, koma tsiku limenelo inatalika. Tsamba lija analipinda kanayi n'kulifumbata. Makala a pensulo anadetsa chikhatho chake chonse.

Atakhota pa ngodya ya nyumba anawaona. Malume anali pa mpando wawo, atavala malaya oyera ngati tsiku la ntchito. Anali atakokera tebulo laling'ono pakhonde, ndi mpando wachiwiri pambali pawo. Patebulo panali mapensulo atatu osongoka bwino. Mayi ake ananena pambuyo pake kuti malume anakana kuti wina awasongolere. Anapana pensulo iliyonse pakati pa mawondo n'kuisongola okha ndi dzanja lamanzere, ndipo chala chawo chachikulu chinali chomangidwa kansalu pamene lumo linawacheka.

Atamuona anamwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa imene inkamverabe.

"Wafika, mwanawe. Khala apa, kuwala kukadalipo. Tiyambira tsamba la mpira."

Anatambasula dzanja lamanzere kuti alandire buku.

Kachala anayang'ana dzanja lotambasukalo. Kenako anafumbatula chikhatho chake chakuda, n'kuika tsamba limodzi lija m'dzanja la malume.